Tsoka silinunkha: phunziro la madaiva pa mpweya umene timapuma

Amene munafikako ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay munaonapo anthu atabereka masilinda kumsana, magalasi ali kumaso, akukwera boti kupita kukamira pafupi ndi zilumba. Amenewa ndi madaiva. Ambiri ndi alendo odzaona mbuna, tinsomba tokongola tija timene tinachititsa kuti bungwe la UNESCO liike Lake Malawi National Park m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma pakati pa amene amayendetsa maboti, kudzaza masilinda ndi kutsogolera alendowo pansi pa madzi pali ana athu omwe, ochokera m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

Mwezi uno tikambirane chinthu chimodzi chimene daiva wosamala amachita asanalowe m'madzi, ndicho kuyeza mpweya wa m'silinda yake kuti aone ngati muli poizoni wotchedwa carbon monoxide. Wina wa ku Dedza kapena ku Ntchisi anena kuti, "Ine ndi nyanja tinasiyana kalekale, nkhaniyi ikundikhudza pati?" Musafulumire kutembenuza tsamba. Mpweya umene daiva amauopa pansi pa nyanja ndi womwewo umene umatuluka pa mbaula imene ambiri timalowetsa m'nyumba mu Juni ndi Julayi. Kusiyana kwake n'kwakuti madaiva anaphunzira kuuopa, pamene ife timagona nawo chipinda chimodzi.

M'silinda muli chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti silinda ya daiva imakhala ndi okosijeni yekhayekha ngati ya kuchipatala. Sichoncho ayi. Kawirikawiri mumakhala mpweya wamba, womwe tikupuma panowu, umene magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni ndipo pafupifupi magawo 78 ndi nitrogen. Makina otchedwa kompuresa amakoka mpweya wa panja n'kuupanikiza m'silinda kuwirikiza ka 200. Silinda ya malita 11 imatha kusunga mpweya wopitirira malita 2,000, kutanthauza zidebe za malita 20 zoposa 100.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kompuresa ilibe nzeru zosankha. Chilichonse chimene chili pakamwa pa paipi yake yokokera mpweya chimalowa. Ngati pafupi pali utsi, poizoni wa mu utsiwo amatha kukafika m'silinda, ndipo daiva akafika pansi alibe kwina kopuma. Sangatsegule zenera kapena kutuluka panja kuti akapitidwe mphepo.

Mdani wopanda fungo

Carbon monoxide amapangika chinthu chikamayaka popanda mpweya wokwanira, kaya ndi petulo, dizilo, palafini, gasi, nkhuni, makala ngakhalenso fodya. Saoneka ndi maso, alibe fungo, sawawa pakamwa, satsokomoletsa. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu mwambiwo ndi woona monga mmene ulili.

M'maselo ofiira a magazi athu muli chinthu chotchedwa hemoglobin, chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita naye ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Vuto ndi lakuti hemoglobin amagwirana ndi carbon monoxide mwamphamvu kuposa mmene amagwirana ndi okosijeni, kuwirikiza koposa ka 200. Tiyerekeze ndi minibasi imene mipando yake yakhalidwa ndi anthu okana kutsika. Minibasi ikuyendabe, koma oyenera kukwera atsala pa siteji. Munthu amapuma bwinobwino, mtima ukugunda, koma ubongo ukufa ndi njala ya okosijeni.

Chifukwa cha ichi, ngakhale mlingo wochepa kwambiri ndi woopsa. Akatswiri amauwerenga m'magawo a pa miliyoni. Muyeso wa ku Ulaya wotchedwa EN 12021 umati mpweya wa daiva usapitirire magawo 5 pa miliyoni, ndipo ku America malire a mpweya wa Grade E ndi magawo 10. Kuti timvetse kuchepa kwake, zili ngati K5 pa ndalama zokwana K1 miliyoni.

Pansi pa madzi poizoni amachulukirachulukira

N'chifukwa chiyani malirewo ali otsika chonchi? Yankho lake ndi kulemera kwa madzi. Munthu akatsika mamita 10, thupi lake limapanikizika kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Pa mamita 20 ndi katatu, pa mamita 30 ndi kanayi. Kuti mapapo afufume pamenepo, daiva amakoka mpweya wothithikana mofanana ndi kupanikizikako. Choncho pa mamita 30 kupuma kumodzi kumalowetsa mpweya wochuluka kanayi, ndipo poizoni naye amalowa kanayi. Silinda imene ili ndi magawo 20 pa miliyoni imagwira ntchito m'thupi ngati ili ndi magawo 80.

Pali msampha winanso. Pansipo okosijeni naye amalowa wochuluka, ndipo wina amasungunuka m'magazi mwachindunji, zimene zimatha kubisa vutolo kwa kanthawi. Daiva akayamba kukwera, thandizo limeneli limachepa, koma poizoni uja ali chigwirire m'magazi. N'chifukwa chake munthu amatha kukomoka pamene akuyandikira pamwamba, kapena atangotulutsa mutu m'madzi. Ndipo kukomoka m'madzi n'kosiyana ndi kukomoka pamphasa. Chopumira chikachoka pakamwa, munthu amamwa madzi n'kumira.

Zimene zinachitika ku France mu 1946

Ngoziyi ndi yakale ngati luso lenilenilo. Jacques Cousteau, amene pamodzi ndi Émile Gagnan anapanga chipangizo chopumira pansi pa madzi mu 1943, anatsala pang'ono kufa nayo. Mu 1946 iye ndi mnzake Frédéric Dumas analowa m'kasupe wozama wa Fontaine de Vaucluse, kummwera kwa France, kuti akaone kumene madzi ake amachokera. Ali pansi, onse awiri anasokonezeka mutu ndipo analefuka, moti Dumas sankathanso kudzithandiza. Anapulumuka chifukwa mnzawo amene anatsala pamwamba, Maurice Fargues, anawakoka ndi chingwe.

Awa anali akatswiri ozolowera kumira m'nyanja, choncho zinawadabwitsa. Atayeza mpweya wa m'masilinda anapeza carbon monoxide wokwana gawo limodzi pa magawo 2,000, amene ndi magawo 500 pa miliyoni, kuwirikiza ka 100 malire a ku Ulaya a lero. Gwero lake linali kompuresa imene inkakoka utsi wa injini yake yomwe. Nkhaniyi ili m'buku lawo la The Silent World la mu 1953. Mphamvu anali nazo, luso anali nalo, koma palibe mwa iwo amene anamva fungo lililonse lowachenjeza.

Kale lomwe izi zisanachitike, dokotala wa ku Scotland, John Scott Haldane, anali atafufuza imfa za m'migodi ya malasha ku Britain m'zaka za m'ma 1890. Anapeza kuti mgodi ukaphulika, ambiri sankafa ndi moto kapena miyala koma ndi carbon monoxide. Iye analangiza kuti ogwira ntchito azitsika ndi tinyama ting'onoting'ono monga mbewa kapena timbalame, chifukwa timafulumira kugwa munthu asanamve kalikonse. Timbalame totchedwa canary tinagwira ntchito imeneyi ku Britain mpaka mu 1986, pamene tinalowedwa m'malo ndi makina oyezera. Haldane yemweyo ndiye anatulutsa mu 1908 ndondomeko yothandiza madaiva kukwera pang'onopang'ono kuchokera pansi pa nyanja. Mfundo yake inali imodzi: mphuno ya munthu si yodalirika, pamafunika choyezera.

Poizoni amalowa bwanji m'silinda?

Njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri.

Yoyamba ndi utsi wochokera panja. Makompuresa ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi a pa maboti amayendera petulo kapena dizilo. Paipi yokokera mpweya ikakhala pafupi ndi ekizozi, kompuresa imameza utsi wake womwe monga zinachitikira ku Vaucluse. Ngakhale kompuresa ya magetsi imatha kukoka utsi wa jenereta, wa galimoto imene yaima ikulira, wa injini ya boti, wa zinyalala zimene wina akutentha, kapena wa pamalo owambira nsomba. Paipiyo iyenera kukhala m'mwamba, kutali ndi utsi, kumbali imene mphepo ikuchokera. Koma a kunyanja akudziwa kuti mphepo ilibe pangano. M'mawa kumatha kuomba kwina, masana n'kutembenuka, ndipo malo amene ndi abwino pa nthawi ya mwera sakhala abwino pa nthawi ya mpoto. Wodzaza masilinda sayenera kuyatsa makina n'kuchokapo.

Yachiwiri ndi yobisika kwambiri, chifukwa imachitikira mkati mwa kompuresa momwemo. Makina akatentha mopitirira muyeso, mafuta ofewetsera zitsulo amayamba kupsa n'kutulutsa carbon monoxide. Izi zimachitika makina akakhala m'chipinda chopanda mphepo, akagwira ntchito nthawi yaitali kukutentha ngati mu Okutobala, kapena akathiridwa mafuta osayenera pofuna kupulumutsa ndalama.

Kompuresa yabwino imakhala ndi fyuluta yochotsa chinyezi, mafuta ndi fungo. M'mafyuluta ena mumakhalanso mankhwala otchedwa hopcalite amene amasandutsa carbon monoxide kukhala carbon dioxide. Koma hopcalite akanyowa amasiya kugwira ntchito, ndipo fyuluta iliyonse ili ndi maola ake. Kotentha imatha msanga. Choopsa china n'chakuti fyuluta imatha kuchotsa fungo la utsi koma n'kusiya poizoni, ndiye mpweya umamveka woyera pamene uli wakupha.

Palinso anthu m'maiko ambiri, makamaka asodzi ndi ogwira nsomba zokongola, amene satenga silinda koma amapuma kudzera m'paipi yaitali yochokera pa kompuresa ili m'boti. Kwa iwo ngoziyi ili pafupi kwambiri, chifukwa injini ndi pokokera mpweya zili m'boti limodzi laling'ono, ndipo boti likangotembenuka ndi mphepo utsi umapita molunjika kwa munthu ali pansi.

Kuyeza kwake

Kamakina koyezera ndi kakang'ono, kokwana m'dzanja, koyendera batire. Daiva amakayatsa pa mphepo yabwino n'kuona kuti kakuonetsa 0. Kenako amatsegula silinda pang'ono chabe, kuika kamakinako potulukira mpweya, n'kudikira mpaka nambala itakhazikika. Ntchito yonse imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Palinso timachubu tagalasi timene timasintha mtundu tikakumana ndi poizoniyu, togwiritsa ntchito kamodzi kokha.

Mpweya wochokera pa kompuresa yosamalidwa bwino umayenera kuonetsa 0 kapena pafupi pomwepo. Nambala ikakwera, ngakhale isanafike pa malire, ndi chizindikiro chakuti penapake pali vuto, ndipo daiva wanzeru amaibweza silindayo n'kudziwitsa eni malo. Madaiva osamala amatsatira mfundo izi:

Amayeza silinda iliyonse, osati imodzi kuimira zonse. Masilinda awiri odzazidwa tsiku limodzi amatha kusiyana, chifukwa ina inadzazidwa makina asanatenthe kapena galimoto isanaime pafupi.

Sadalira satifiketi ya pakhoma yokha. Ku Britain eni makompuresa amalangizidwa kuyezetsa mpweya wawo pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo n'chinthu chabwino. Koma pepalalo limanena za tsiku limene anayeza, osati za lero.

Sasokoneza zoyezera. Kamakina kamene madaiva amayezera kuchuluka kwa okosijeni mu mpweya wa nitrox sikaona carbon monoxide.

Amasamala choyezeracho. Kachipangizo ka mkati mwake kamatha mphamvu pakapita zaka zochepa, ndipo kamakina kakufa kamatha kumangoonetsa 0 nthawi zonse. Kamayenera kuyesedwa ndi mpweya wodziwika mlingo wake monga mmene opanga analangizira.

Amanunkhizabe. Mpweya ukamamveka mafuta kapena utsi, silindayo ndi yokana basi. Koma kusanunkha si umboni wakuti uli bwino.

Ndipo amafunsa. Kompuresa ili pati? Fyuluta inasinthidwa liti? Safunsa anadya phula. Kwa makolo amene ana anu akugwira ntchito imeneyi kunyanja, afunseni mafunso omwewa, ndipo alimbikitseni kuti kukana silinda yokayikitsa si mwano kwa bwana. Eni malo oona mtima amayamikira wantchito wotere, chifukwa wapulumutsa moyo ndi mbiri ya malowo.

Fodya naye ali m'nkhaniyi. Mu utsi wa ndudu muli carbon monoxide. Mwa munthu wosasuta, hemoglobin wogwidwa ndi poizoniyu safika magawo 3 pa 100, koma mwa wosuta kwambiri amatha kufika magawo 10. Daiva amene wasuta asanalowe m'madzi amatsika ali kale ndi ngongole m'magazi.

Zizindikiro ndi thandizo loyamba

Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka, kupuma mobanika, kusokonezeka maganizo, kenako kukomoka. Mabuku ena akale amatchula milomo yofiira kwambiri, koma chizindikiro chimenechi sichioneka kawirikawiri, ndipo chikaoneka zinthu zimakhala zitafika kale poipa. Musachidikire.

Daiva akamva mutu kapena chizungulire ali pansi, ayenera kudziwitsa mnzake ndipo akwere limodzi mosathamanga. Akafika pamtunda apatsidwe okosijeni wa kuchipatala mwamsanga n'kupita naye kuchipatala. Silinda yake isatayidwe mpweya koma ilembedwe chizindikiro kuti ikayezedwe, ndipo onse amene anatenga masilinda pa kompuresa yomweyo achenjezedwe.

Okosijeni ndiye mankhwala ake. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola 4 mpaka 5 kuti theka la poizoni lichoke m'magazi. Ndi okosijeni weniweni pamatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Dziwaninso kuti kamakina kopanira ku chala kaja, kamene mabanja ena anagula nthawi ya Covid-19, sikasiyanitsa okosijeni ndi carbon monoxide. Kamatha kuonetsa 98 pamene munthu ali pangozi. Komanso ena amene anaoneka kuti achira amayamba kuiwalaiwala, kusintha khalidwe kapena kuyenda movutika patapita masiku kapena masabata. Zikatero abwerere kuchipatala ndipo akanene zimene zinachitika.

Tibwere nazo kunyumba

Chipinda chotsekedwa zitseko ndi mazenera, mabowo a mpweya atatsekedwa ndi nsanza chifukwa cha chisanu, chikufanana ndi silinda ya daiva. Chimene mwatsekera mkatimo ndi chimene banja lipume usiku wonse, ndipo munthu wogona samva mutu kuwawa kuti adzuke.

Ambiri timakhulupirira kuti makala akayaka n'kufiira, utsi n'kutha, ndiye kuti mbaula ikhoza kulowa. Ichi ndi chikhulupiriro chimene chapha anthu. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe carbon monoxide mpaka atazimiratu. Otherani moto pakhonde kapena m'khitchini yolowa mphepo, ndipo nthawi yogona mbaula ikhale panja. Chisanu tilimbane nacho ndi mabulangete, zipewa ndi masokosi, kapena botolo la madzi otentha lokulungidwa m'nsalu.

Jenereta nayo isalire m'nyumba, m'khonde lotsekedwa, m'galaja kapena pansi pa zenera, ngakhale magetsi atazima usiku ndipo mukuopa akuba. Galimoto isasiyidwe ikulira m'galaja. Tikumbukirenso alonda amene amaotha mbaula m'tinyumba tawo tating'ono, alimi amene amafunditsa anapiye ndi makala n'kugona m'khola momwemo, ndi ife eni tikapita ku misonkhano ya misasa kapena ana athu akapita kokagona m'matenti ndi a Pathfinder. Mbaula isalowe m'tenti, ngakhale kutazizira chotani. Atsogoleri a achinyamata, ili likhale lamulo lolengezedwa tsiku loyamba.

Chimene chimasokoneza kwathu kuno n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi malungo. Munthu amadzuka mutu ukuwawa, thupi lili lefulefu, n'kuthamangira kugula mankhwala. Dzifunseni mafunso atatu. Kodi tadwala angapo nthawi imodzi m'nyumba imodzi? Kodi tikatuluka panja tikupezako bwino? Kodi usiku munali moto kapena injini pafupi? Ngati yankho ndi inde, ganizirani za carbon monoxide. Ndipo banja likapezeka litakomoka kapena litamwalira m'nyumba yotseka, tisathamangire kuloza zala achibale ndi oyandikana nawo kuti alodza kapena athira chiphe m'chakudya. Tiyambe tayang'ana ngati pakona pali mbaula, ndipo tisiye achipatala ayeze.

Mukapeza munthu wotere, tsegulani zitseko ndi mazenera, mutulutsireni panja msanga, inu osachedwamo. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali. Musamumwetse mkaka kapena china chilichonse, chifukwa poizoniyu ali m'magazi osati m'mimba, ndipo wokomoka akhoza kutsamwa. Pitani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, ndipo mukawauze adokotala mosabisa kuti munagona ndi mbaula, kuti asataye nthawi kufunafuna matenda ena. Amayi oyembekezera apite ngakhale akumva bwino, chifukwa magazi a mwana wosabadwa amagwira poizoniyu kwambiri ndipo amachedwa kumutaya. Makanda, okalamba, odwala mtima ndi ochepa magazi nawonso amafulumira kugonja.

Pali timabelu ta batire timene timalira carbon monoxide akachuluka m'nyumba. Amene mungathe, kapena muli ndi achibale ku Johannesburg kapena ku London, kabelu kameneka ndi mphatso yabwino, makamaka kunyumba kumene amagwiritsa ntchito gasi kapena jenereta. Koma amene sitingakwanitse tisadandaule. Daiva amafunika choyezera chifukwa saona kumene mpweya wake unachokera. Ife timaona ndi maso athu mbaula ikulowa pakhomo, ndipo kuitulutsa sikulira ndalama.

M'maphunziro athu a zaumoyo timatchula mpweya wabwino pamodzi ndi madzi, dzuwa, chakudya ndi kupumula, koma nthawi zambiri timaudumpha msanga chifukwa ndi waulere. Chisanu chisanafike pachimake, yenderani agogo ndi anansi amene amagona okha, muone mmene akudzifunditsira usiku. Ngati bulangete lawo ndi limodzi, vuto lagona pamenepo, ndipo dipatimenti ya zaumoyo ndi a Dorika pa mpingo wanu akhoza kuyambira pomwepo.